Kagalasi kopinda ka ku Limbe, ndakayesa pa bonongwe miyezi itatu

Kagalasi aka ndinakagula mu Januwale ku Limbe ndipo pano katha miyezi itatu kali mthumba la malaya anga, kagwapo kawiri, kanyowapo ndi mvula kamodzi pa Chilomoni Ring Road, ndiye ndikuona kuti tsopano ndingathe kukanena zabwino ndi zoipa zomwe osanama. Ndi kaja kopinda ngati kampeni, chikuto chake chachitsulo, ukakatsegula kamatuluka kagalasi kozungulira kokula ngati batani la jekete, pambali kali ndi kagetsi koyendera timabatire ta wotchi. Pakabokosi kake analemba 30x21mm. Nambala imeneyo isungeni mmutu ndibwerako, pali bodza pamenepo.

Ndiyambe ndi chomwe chinandigulitsa, poti munthu wamkulu ndevu pepeya kumayenda ndi galasi kumasuzumira bonongwe pamafunika kufotokoza kkkk. Chaka chatha kuseri kwa nyumba kwathu kuno ku Chilomoni, pafupi ndi khola la nkhuku, kunamera bonongwe wina wake wabwino zedi, masamba akuluakulu obiriwira bii, ofewa, osawawa olo pang'ono, akatendera nsinjiro ana anga amene amathawa ndiwo zamasamba ankachita kupempha ina. Ndinati ameneyu ndisunge mbewu. Ndinasiya mitengo ingapo kuti ikhwime, ndinapulula ngala zake mu lichero, kuyanika, kupeta, kuika mu botolo la mayonezi. Mvula itagwa mu Disembala ndinawaza pa bedi yomwe ndinaithira manyowa bwinobwino. Zomwe zinamera pamenepo abale, chipwirikiti. Wina wa minga, wina tsinde lofiira psuu, wina woyanga pansi wa timasamba tating'ono, ndipo uja ndinkamufunayo ndinkalephera kuloza kuti ndi uyu poti akadali ang'onoang'ono onse amaoneka ngati ana a munthu mmodzi. Mayi a kunyumba anandiseka sabata yonse, amvekere mwasunga udzu chaka chathunthu mu botolo langa.

Ndinayamba ndi njira yomwe aliyense masiku ano amayamba nayo, app ya pa foni ija umajambula chomera nkukuuza dzina. Sinditchula kuti iti. Mtengo umodzi womwewo ndinaujambula katatu, inandipatsa mayina atatu, bandulo nkuthera pomwepo. Poyamba ndinkaiona ngati yopepera koma pano ndikumvetsa kuti vuto linali langa lomwe, ndinkajambula masamba, pamene bonongwe sumusiyanitsa ndi masamba. Tsamba la bonongwe limasintha malinga ndi pomwe wamera, wa padzala amakhala ndi masamba ngati chikhatho, yemweyo akamera mmphepete mwa msewu wa fumbi timasamba take ngati khutu la mbewa. Ngakhale mtundu wofiira uja sudalirika, mtundu umodzi womwewo umatha kukhala wofiira kapena wobiriwira. Chomwe sichinama ndi maluwa, koma maluwa a bonongwe ndi tinthu ta mamilimita awiri kapena atatu, tothithikana pa ngala, kamera ya foni yanga ikayandikira imangoonetsa chifunga chobiriwira basi.

Mwana wa achemwali anga amene akuphunzira za zomera ku Zomba ndi amene anati malume mufunika galasi la 10x, osati app. Ananditumiziranso pa WhatsApp masamba angapo a buku lija la Flora Zambesiaca, lomwe limafotokoza zomera za kuno, Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi Botswana, chingelezi chake cholimba ngati chimanga cha kokoma koma anandimasulira pafoni mpaka ndinagwira mutu wake.

Kulipeza galasilo ndiye inali ntchito ina. Mtauni ndinalowa ma shopu a mabuku atatu, onse akunditulutsira chigalasi chachikulu cha chogwirira chija ana amaotchera mapepala padzuwa, chimene chija chimakulitsa mwina kawiri kapena katatu, pa bonongwe sichithandiza. Ndinadzakapeza ku Limbe mu kashopu kena kogulitsa zipangizo za okonza mafoni, ma soldering, timasikuludiraiva, ma screen. Mnyamata wake anayamba ndi K9,000, tinakambirana mpaka K7,000. Anandifunsa, madala mukufuna kuonera miyala kapena ma board? Nditati bonongwe anangoti phwii kuseka nkuitana mnzake wa shopu yoyandikana kuti adzamve. Koma chilungamo chake anali mnyamata wa ulemu, anakatsegula, kuika mabatire, kundiyesetsa pa K2,000 yapepala kuti ndione timizere take, sanandikakamize kugula chodula. Risiti analibe, waranti ndiye musafunse nkomwe.

Masiku awiri oyamba ndinkati andibera. Ndinkakagwira patali ngati mmene timagwirira chigalasi chachikulu chija, zinthu zikuoneka chadodolido, mutu waching'alang'ala. Kagalasi kotere sumatero ayi. Umakagunditsa kudiso penipeni, chala chikukhudza tsaya kuti dzanja lisanjenjemere, ndiye chinthucho ndi chomwe umachibweretsa pafupi mpaka chioneke, pafupifupi masentimita awiri ndi theka kuchokera pa galasi. Ndipo uime poti kuwala kukugwera pa chinthucho, osati mutu wako nkuphimba dzuwa. Tsiku lomwe ndinazitulukira izi ndinakhala pakhonde mpaka nsima kuzizira. Ngala ya bonongwe yomwe ndakhala ndikuiona moyo wanga wonse ngati chinthu chimodzi, kumeneko muli mudzi wathunthu, maluwa aamuna ali ndi timitu tawo ta mungu tachikasu, maluwa aakazi ali ndi tinyanga pamwamba, kanjere kakuda konyezimira ngati kapukutidwa ndi polishi, ndi tizilombo tikuyendayenda tomwe ndakhala ndikudya osadziwa kkkk.

Tsopano zomwe ndinapeza pa bedi langa. Mtundu wonse wa bonongwe akatswiri amautcha Amaranthus, padziko lonse ilipo pafupifupi mitundu 70, ife timangoti bonongwe basi, mwina nkuwonjezera kuti wa minga kapena wofiira. Ndi galasi umayang'ana zinthu zitatu. Choyamba timakoko tokuta duwa lalikazi, uwerenge ngati tili 5 kapena 3. Chachiwiri kali kasonga kamene kamakhala kunsi kwa duwa, uone ngati nkatali kuposa timakokoto kapena nkakafupi. Chachitatu kathumba komwe muli njere, ngati kamatseguka mozungulira ngati chivindikiro cha poto kapena sikatseguka.

Wa minga uja, Amaranthus spinosus, safuna galasi akakula, minga ziwiriziwiri pa mphanda iliyonse pomwe tsamba lachokera, aliyense amene anapalirapo opanda nsapato amamudziwa. Koma akadali mwana minga zake zimakhala zofewa zobisala, ndipo apa ndi pomwe kagalasi kanandithandiza koyamba, ndinatha kuzula onse a minga asanakule nkuyamba kuwaza mungu. Amadyedwa inde, agogo athu ankathyola nsonga zake nthawi ya njala ya ndiwo, koma si amene ndinkamufuna.

Wochuluka kwambiri pa bedipo anali Amaranthus hybridus, ameneyu ndi uja timamuona paliponse mminda ya chimanga, wamtali, nthawi zina tsinde lofiirira. Timakoko take 5, kathumba kamatseguka ngati chivindikiro, koma kasonga kaja nkatali kosongoka kamapitirira duwa, nchifukwa chake ngala yake ukaifinya mmanja imabaya pang'ono ngati ndevu za masiku atatu. Ndiye pali mnzake amene anandizunza sabata ziwiri, Amaranthus dubius. Nayenso timakoko 5, nayenso wamtali, ukangoyang'ana chapatali ndi amodzi. Kusiyana kwake kasonga kaja nkakafupi, sikapitirira timakoko, ngala yake ndi yofewa ukaigwira, ndipo maluwa aamuna amakonda kukhala kunsonga kwa ngala osati kusakanikirana ponseponse. Masamba ake amakhala otambalala kumunsi, obiriwira kwambiri. Nditaona zimenezi pa mitengo isanu ndi umodzi yomwe inali chakukona kwa khola ndinadziwa kuti uja wa chaka chatha ndi ameneyu, ndinathyola, anaphika padera, ana anavomereza. Mwa njira, dubius mchilatini ndiye kuti wokayikitsa, ndiye musadandaule ngati akukusokonezani, olo azungu amene anamupatsa dzinawo ankakayika kkkk. Mwana wa achemwali uja akuti ameneyu ali ndi ma chromosome, tinthu ta mkati mwa chomera tonyamula chibadwa chake, 64 pamene anzake ambiri ali ndi 32 kapena 34, ndipo akatswiri amaganiza kuti mmodzi mwa makolo ake ndi wa minga yemwe uja. Ndinaseka, bonongwe wokoma chonchi bambo ake nkukhala chigawenga.

A timakoko titatu ndi gulu lina. Woyanga pansi uja, tsamba lake kunsonga kuli kamphako ngati wina analumako, ameneyo ndi Amaranthus blitum, mabuku ena akale amati lividus, kathumba kake sikatseguka ngati chivindikiro ndipo nkosalala ndithu. Amakonda ponyowa, kwathu wamera motsatira ngalande ya madzi a kubafa ndiye sitimudya, osati chifukwa cha mtundu wake koma malo akewo. Mnzake wofanana naye ndi Amaranthus viridis, ameneyu ndinamupeza osati pakhomo koma ndikudikira minibasi cha ku Ginnery Corner, timangala take towonda, ndipo ukaika galasi kathumba kake nkamakwinya okhaokha ngati nkhope ya nkhalamba, ukakaona kamodzi sudzakaiwalanso. Anthu pa siteji ankandiyang'ana ngati ndazungulira mutu, kondakitala wina mpaka anakuwa kuti biggy mwataya chani, tikuthandizeni kufuna.

Amene anandisangalatsa kwambiri ndinamupeza tsiku lina Loweruka tikuyenda cha kumunsi kwa Michiru mmunda mwa munthu wina mmbali mwa njira, Amaranthus thunbergii. Alibe ngala pamwamba ayi, maluwa ake ali timagulu timagulu mmphanda za masamba kutsika ndi tsinde lonse, pakati pa tsamba pali banga lakuda, ndipo timakoko take titatu tili ndi timichira tatitali topindikira kunja. Ambiri mwa abonongwe tikudyawa, hybridus, spinosus, dubius, kwawo kwenikweni ndi ku America, anabwera kalekale nkukhazikika ngati mmene chinachitira chimanga, koma thunbergii ndi mwana wa muno mu Africa. Dzinalo anatengera Carl Peter Thunberg, wa ku Sweden, wophunzira wa Linnaeus katswiri uja wotcha zomera mayina, Thunbergyo anatola zomera ku Cape mzaka za 1772 mpaka 1775. Linnaeus mwiniwakeyo ndi amene anatcha hybridus ndi spinosus mu 1753. Tangoganizani, ndiwo yomwe timaitcha ya amphawi ili ndi mayina olembedwa zaka zoposa 270 zapitazo.

Ndibwerere ku kagalasi, poti ndi komwe ndikuyenera kunena. Bodza la 30x lija. Mwana wa achemwali anandiphunzitsa kayesedwe kake ndipo aliyense angathe, umatenga pepala loyera, kuima pansi pa babu kapena padzuwa, kusuntha galasi mpaka kuwala kusonkhane pa kadontho kamodzi kakuthwa, ndiye uyeze ndi rula kuchokera pa galasi kufika pa pepala. Ugawe 250 ndi mamilimita wapezawo, yankho lake ndiye mphamvu ya galasi. Langa linandipatsa mamilimita 25 kapena kupitirira pang'ono, kutanthauza kuti ndi 10x, mwinanso kuchepera. La 30x lenileni likanasonkhanitsa kuwala pa mamilimita 8 okha ndipo likanakhala kakang'ono ngati njere ya nandolo, osati kotambalala mamilimita 21. Ndiye pabokosi ananama. Chodabwitsa nchakuti bodza limeneli linandikomera, poti 10x ndi yomwe imafunika pa zomera, 30x yeniyeni ukanamaona kachidutswa ka duwa kokha ndipo dzanja likangogwedezeka pang'ono zonse zasowa. Komabe bodza ndi bodza, amene akufunadi 30x pa ntchito yake adziwe kuti apa saipeza, ndipo mnyamata wa mushopu uja sindikumuimba mlandu, iye amangowerenga zomwe zalembedwa.

Galasi lake ndi limodzi lokha, osati aja ophatikiza magalasi atatu amene amati triplet, ndiye pakati pokha ndi pomwe pamaoneka bwino, chakumphepete zinthu zimapindika ndipo zimakhala ndi kamzere ka buluu ndi kachikasu ngati utawaleza. Powerenga timakoko zilibe vuto, umangosuntha duwa kuti likhale pakati, koma ukayang'ana nthawi yaitali diso limatopa, ine ndikapitirira mphindi khumi misozi imayamba. Ndi galasi lenileni osati pulasitiki, izi ndiye ndayamikira, lakhala mthumba limodzi ndi makiyi koma silinakalike.

Kagetsi kaja ndi kachabechabe. Sabata yoyamba kankawala bwino ndipo usiku wina magetsi atathima ndinakhala ndikusuzumira njere ngati mfiti, koma kaswitchi kake nkolobodoka, kamayaka kokha mthumba, pofika sabata yachitatu mabatire anali atatha. Ndinagula ena pa msika wa Blantyre kwa okonza mawotchi, anathanso chimodzimodzi. Pano ndinangochotsa mabatire, ndimagwiritsa ntchito dzuwa, ndipo kunena zoona kuwala kwa dzuwa ndi komwe kumaonetsa mtundu weniweni, kagetsi kaja kamayeretsa chilichonse mbuu. Kasikuluwu kogwira chikuto nako kamamasuka, tsiku lina ndinapeza galasi lili lokha chikuto chili chokha mthumba, mwayi kasikuluwuko sikanatayike. Ndinakamanga nkudonthezapo kyutekisi wa mayi a kunyumba, mpaka lero sikanasunthe. Chitani zimenezo tsiku lomwe mwagula, musadikire. Ndipo pali kabowo pomangira chingwe, mangani chingwe cha nsapato muzikoleka mkhosi, mukapanda kutero mudzakasiya pa mzere wa chimanga.

Ena andifunsa za kaja kopanira pa kamera ya foni, kokhala ngati chopanira zovala. Ndinabwerekako ka mnzanga wa kuntchito. Pa chinthu chafulati ngati ndalama kamajambula bwino, pa ngala ya bonongwe yomwe ili ndi zigwa ndi mapiri komanso ikugwedezeka ndi mphepo, pa zithunzi 20 mwina ziwiri ndi zomwe zinatuluka. Ubwino wake ndi woti chithunzicho ungatumizire wina kuti akuthandize. Ine ndimangogunditsa kagalasi kanga pa kamera ya foni, duwa nditaliika pa pepala patebulo, zimatuluka mofanana.

Koma nkhani yomwe inandichepetsa ndi iyi. Mu Febuluwale kunabwera apongozi anga kuchokera ku Chiradzulu kudzaona adzukulu. Ine mwaulemu wake ndinakhala chapatali, koma mayi a kunyumba, pofuna kundiyalutsa, anawauza kuti bambo a kuno masiku ano akumayeza bonongwe ndi mandala. Anaseka mpaka kutsokomola, kenako amvekere tabweretsani tione. Ndinathyola nthambi zisanu zosiyana, zina zopanda maluwa nkomwe, nkuziika pa mphasa. Sanafune galasi. Ankangotenga tsamba, kulifikisa pakati pa zala, kununkhiza, kuthyola phesi kuti amve kulira kwake. Uyu ngwabwino saphikidwa nthawi yaitali, uyu akakula amawawa muzithyola akadali mwana, uyu ngwa minga olo sizinatuluke, uyu ngwa mmadzi musadye wa pamenepa, uyu ngwa kumunda amakoma kufutsa. Anawagawa ndendende mmene ndinawagawira ine ndi buku langa ndi sabata zanga zitatu. Ndinafunsa, amayi mwadziwa bwanji wa mingayu poti minga palibe? Anati taonani tsinde lake mmene likunyezimira, ndiye anandiyang'ana ngati ndafunsa kuti madzi ndi onyowa. Nditawapatsa kagalasi kuti aoneko duwa anakhala chete kanthawi, nkuti ooh kani muli anthu mmenemu, kenako anakagwiritsa ntchito kuchotsa kaminga komwe kanawalowa pachala masiku atatu apitawo ndipo anati ichi ndiye chintchito chake chenicheni.

Mawu oti mandala aja anandikumbutsa zomwe tinaphunzira ku pulayimale, kuti dera la Mandala mtauni muno linatchedwa choncho chifukwa cha magalasi a mmaso a John Moir wa kampani ya African Lakes, ndipo nyumba yawo ya 1882 ija ikadalipo mpaka lero. Ndiye Blantyre ndi magalasi tinayambana kale, ine sindine woyamba kusekedwa nawo.

Sindikufuna kunama kuti kagalasi kamathetsa zonse. Pa bedi langa pali mitengo iwiri yomwe mpaka lero sindikuidziwa, ili ndi timinga tofooka apo ndi apo, ngala ngati ya dubius, njere zake zambiri mphwepwa. Abonongwe amakwatirana okhaokha poti mungu wawo umayenda ndi mphepo, ndipo dubius ndi wa minga akamera pamodzi zimachitika ndithu, ana ake nthawi zambiri sabereka bwino. Zoterezi galasi la K7,000 silingagamule, ofunika ndi a National Herbarium ku Zomba amene amasunga zomera zouma zoti ufananize. Ndaumitsa nthambi ziwiri pakati pa nyuzipepala pansi pa matiresi, mwana uja akabwera pa holide adzatenga. Komanso ndazindikira kuti chisokonezo cha pa bedi langa sichinachokere mu botolo mokha ayi. Mtengo umodzi wa bonongwe umagwetsa njere zikwizikwi, zimakhala mdothi zaka zingapo zikudikira, zina zimabwera ndi manyowa, ndiye olo ukanawaza mbewu yoyera bwanji alendo amamera basi.

Ndakayesakonso pa ndiwo zina zakutchire mongodutsa. Pa chisoso umaona bwino timano ta kunsonga kwa njere tomwe timakakamira pa thalauza, tili ndi timinga toloza chammbuyo ngati mbedza, mpake kuvuta kuchotsa. Pa mnadzi kamathandiza kuona maluwa ndi ubweya wa pa tsinde, koma kumeneko ndikuchenjezeni, gulu lake la mnadzi, lotchedwa Solanum, lili ndi ena oopsa ndipo zipatso zosapsa za mnadzi sizidyedwa, musatenge galasi ndi foni nkumadziyesa dokotala, funsani amene akhala akudya ndiwozo. Bowa ndiye musayerekeze nkomwe. Bonongwe ubwino wake mitundu yonse ndatchulayi imadyedwa, ukalakwitsa dzina palibe amene agonekedwe kuchipatala, choopsa ndi malo. Amakoka zambiri kuchokera mdothi, ndiye uja wonenepa wobiriwira mmphepete mwa Mudi kapena Naperi, kapena pa mulu wa zinyalala kuseri kwa msika, ngakhale atakhala dubius weniweni wa sitifiketi ine sindingamuthyole.

Ndiye kugula kapena ayi? Ngati mumangofuna ndiwo, pitani pa msika wa Chirimba kapena Ndirande, amayi a pamenepo akusankhirani wabwino ndipo K7,000 yanu mugulire tomato ndi nsinjiro. Ngati mukufuna kusunga mbewu yanuyanu ngati ine, kapena ndinu aphunzitsi a Agriculture kapena Biology amene mwatopa kujambula duwa pa bolodi ana osaliona, kagulani, ndipo musalipire zoonjezera chifukwa cha kagetsi, mukapeza kopanda getsi kotchipa tengani komweko. Pa 5 ndikapatsa 4, imodzi ndachotsa chifukwa cha bodza la pabokosi ndi switchi ija. Mukamagula katseguleni pomwepo muyang'ane pa chala chanu, mizere ya khungu izioneka yakuthwa pakati, poti mwa atatu omwe mnyamata uja ananditulutsira kamodzi kanali ndi kathovu mkati mwa galasi.

Pano mitengo isanu ndi umodzi ija ndaimanga tinsalu tofiira, ena ozungulira ndinazula kupatula iwiri yosadziwika ija, ndipo ngala zake zayamba kuuma. Apongozi anatumiza uthenga sabata yatha kuti njere zikapsa ndiwasungireko theka, ndipo akuti pobwera ndi mbewuyo ndisaiwale mandala aja, ali ndi kaminga kena kuphazi.